Foni ikafa tsiku la napolo, Phalombe idzalankhulana bwanji?

Mukamaonera mpira wa AFCON kapena World Cup pa TV, pali gulu la anthu limene kamera sikuonetsani. Wojambula wa kuseri kwa golo, wojambula wa pamwamba pa sitediyamu, wowulutsa mawu, woyang'anira kamvekedwe, ndi mkulu amene amasankha chithunzi choti chifike kwa inu, onsewa amalankhulana kuyambira mpira usanayambe mpaka utatha. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene amaimbira mnzake foni. Aliyense wavala mahedifoni, ndipo amene amayendayenda amamangirira kabokosi kakang'ono pa lamba. Chimene chimawalumikiza chimatchedwa intercom matrix.

Ine ndikuti chipangizo chimenechi, ngakhale ndi cha m'masitediyamu ndi m'nyumba zowulutsira mawu, chili ndi phunziro limene boma lathu la Phalombe likulifuna kuposa sitediyamu iliyonse. Koma tiyambe taona kaye mmene chimagwirira ntchito.

Tengani pepala la masamu lija la timabokosi. Kumanzere lembani mayina a anthu 8 motsika. Pamwamba lembaninso mayina omwewo mopingasa. Mzere uliwonse wotsika ukuimira khutu la munthu, ndipo wopingasa ukuimira pakamwa pake. Pamene mizere iwiri yakumana pali kabokosi. Mukachonga kabokosiko, ndiye kuti uyu akumumva uyo. Mukafufuta, sakumumvanso. Matrix ndi imeneyi basi, kungoti ndi ya magetsi ndipo amene amachonga ndi kufufuta ndi kompyuta. Poti munthu safunika kudzimvera yekha, anthu 8 ali ndi timabokosi 8 × 7, kutanthauza 56. Anthu 30 ali ndi 870. Mwaona mmene nambala ikuthamangira? N'chifukwa chake makampani ngati Clear-Com, Riedel ndi RTS amapanga mabokosi akuluakulu ongogwira ntchito imeneyi.

Ubwino wake wagona apa: mkulu uja akhoza kulankhula ndi wa kamera yachitatu yekha, ena onse osamva. Akhoza kulankhula ndi ojambula onse pakamodzi, wowulutsa mawu osasokonezeka. Ndipo pakagwa chinthu chachikulu, amadina batani limodzi, mawu ake n'kulowa m'khutu la aliyense, ngakhale amene anali pakati pa nkhani ina. Zonsezi zimakonzedwa mpira usanayambe. Palibe zofunsana nambala pa nthawi ya penate.

Nanga oyendayenda aja, opanda waya, amalowa bwanji mu matrix? Apa ndi pamene pabwera nkhani ya ma eriyo. Kabokosi ka pa lamba kaja ndi wailesi yaing'ono yotumiza ndi kulandira. Zambiri mwa izi zimagwiritsa ntchito njira yotchedwa DECT, ya mafunde a pafupi ndi 1.9 GHz, ndipo zina zimagwiritsa ntchito 2.4 GHz, komwenso kumakhala Wi-Fi. Mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, sikafika patali. Ndiye amisiri amamwaza ma eriyo angapo m'sitediyamu monse: ina m'kanjira kotulukira osewera, ina pamwamba pa mipando, ina kunja komwe kwaima galimoto yowulutsira. Eriyo iliyonse imakhala ndi waya wobwerera ku matrix. Munthu akamayenda, kabokosi kake kamasiya eriyo ya kumbuyo n'kugwira ya kutsogolo, mawu osadukiza. Foni yanu imachitanso zomwezi mukakwera minibasi kuchoka ku Migowi kupita ku Chitakale: imasiya nsanja ina n'kugwira ina.

Pali kanthu kena kamene ndimakakonda pa kalumikizidwe kameneka. Kale, wailesi inkakhala pansi m'chipinda, eriyo pamwamba pa denga, pakati pake waya wa coaxial, wofanana ndi uja wa dishi ya TV. Vuto la waya ameneyu ndi lakuti amadya mphamvu ya mafunde panjira, ndipo frequency ikakwera amadya kwambiri. Amisiri amayeza kutayika kumeneku mu decibel. Mukataya 3 dB, theka la mphamvu lapita. Mukataya 6 dB, mwatsala ndi kota. Pa 1.9 GHz, waya wotchipa wautali akhoza kumeza pafupifupi zonse. Ndiye anzathuwo anaganiza mwanzeru: bwanji osakweza wailesi yonseyo kuti ikakhale m'bokosi limodzi ndi eriyo? Mafunde akangofika, pomwepo amasandutsidwa manambala, ndipo manambalawo amatsika pa waya wamba wa netiweki ya makompyuta, uja wa m'labu ya kompyuta. Waya yemweyo amakwezanso magetsi opita ku eriyo, njira yotchedwa Power over Ethernet, imene inavomerezedwa mu 2003. Malire ake ndi mamita 100. Kupitirira apo pamafunika switch ina pakati, kapena waya wa fibre.

Ndiye pali zinthu zitatu zimene msiri amayenera kuzilondoloza: eriyo ikhale pamalo pamene ikuona anthu ake, njira yobwerera ku matrix ikhale yodalirika, ndipo magetsi asazime. Chimodzi chikalephera, wa kamera amangoona milomo ya anzake ikugwedera.

Tsopano tibwerere kwathu.

Pa 10 March 1991, madzi, matope ndi miyala zinatsika phiri la Michesi n'kusesa midzi ya m'munsi mwake. Anthu mazanamazana anafa. Agogo anu akamati napolo anadutsa, ena mwa iwo amanena tsiku limenelo. Ngoziyo inagwedeza dziko lonse, moti chaka chomwecho Malawi anakhazikitsa lamulo lake loyamba lokhudza kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Patapita zaka 32, mu March 2023, kunabwera namondwe Freddy. Ambiri a inu munaona ndi maso, sindikufunika kukufotokozerani. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo cha kumwera. Madera ngati Nkhulambe anadulidwa, misewu ndi milatho itakokoloka. Magetsi anazima m'madera ambiri.

Funso langa ndi ili: pa tsiku ngati limenelo, wapampando wa komiti ya zangozi m'mudzi amauza ndani, ndipo amamuuza bwanji?

Yankho la pafupifupi aliyense ndi foni. Ndipo foni ndi chinthu chabwino, ine sindikuinyoza. Nthambi yoona zanyengo imatumiza machenjezo, a DoDMA amalengeza, mawailesi amawulutsa, magulupu a WhatsApp amagawana. Masiku namondwe asanafike, zonsezi zimagwira ntchito ndithu. Koma taonani unyolo umene foni imadalira. Foni yanu imafuna chaji. Imafuna nsanja ya netiweki. Nsanjayo imafuna magetsi, ndipo akazima imadalira mabatire ndi jenereta. Jenereta imafuna dizilo, dizilo amabwera pa galimoto, galimoto imafuna mlatho. Nsanjayo payokha siidziwa kulumikiza anthu. Imatumiza mawu anu kutali, ku makina akuluakulu a kampani, kudzera pa fibre kapena pa timadishi tija timaloza nsanja inzake. Ngakhale mukuimbira munthu amene ali tsidya lina la mtsinje, amene mukumuona ndi maso, mawu anu amayamba azungulira konseko. Mphete imodzi ikaduka, foni imasanduka tochi.

Ndipo ngakhale netiweki ilipo, foni ili ndi chilema china chimene sitichiganizira. Imalumikiza anthu awiriawiri. Kuti uthenga ufike kwa anthu 20, muyenera kuimba maulendo 20, ndipo wina foni yake ili bize, wina wathimitsa posunga chaji, wina anasintha nambala chaka chatha. Madzi a mtsinje wa Phalombe sadikira zimenezo.

Ichi n'chifukwa chake ndikuti boma lathu likufunika matrix yake. Sindikunena kuti tigule mabokosi a Riedel ayi. Zipangizo za DECT zinapangidwira mamita mazana ochepa, osati dera lochoka ku Michesi kukafika ku nyanja ya Chilwa, ndipo mtengo wake ungatilize. Chimene ndikufuna tibwereke ndi kaganizidwe kake: ma eriyo oikidwa pamalo oyenera, njira yosadalira nsanja za foni, ndi ndondomeko yolembedwa kale ya amene ayenera kumva ndani. Chida chake choyenera kwathu kuno ndi chakale ndithu: wailesi ya m'manja ya VHF, ija mumaiona ndi apolisi, alonda ndi oyang'anira nkhalango.

Apa physics ya m'kalasi ikulowa bwinobwino. Mukukumbukira kuti liwiro la funde ndi frequency kuchulukitsa ndi utali wa funde, v = fλ. Mafunde a wailesi amathamanga ngati kuwala, mamita 300,000,000 pa sekondi. Gawani nambala imeneyi ndi 1,900,000,000, mupeza mamita 0.158, kutanthauza masentimita pafupifupi 16. Limenelo ndi funde la DECT. Tsopano gawani ndi 150,000,000, yomwe ndi frequency ya m'dera la VHF. Mupeza mamita 2. Eriyo yosavuta kupanga imakhala kota ya utali wa funde, ndiye ya DECT ndi masentimita 4 okha, n'chifukwa chake imabisika m'kabokosi, pamene ya VHF ndi masentimita 50, kandodo kaja mumakaona pa denga la galimoto ya apolisi. Funde lalitali limapirira bwino masamba a mitengo ndipo limakhotako pang'ono likakumana ndi chotchinga, chija mumachitcha diffraction. Lalifupi limatsekeka msanga. Pa dera la midzi, mitengo ya mango ndi timapiri, la mamita 2 ndi limene lingatithandize.

Komabe, musanyengedwe, VHF siboola phiri. Imayenda pafupifupi molunjika ngati kuwala. Ndipo poti dziko ndi lobulungira, pali malire a pamene eriyo ingaone. Kachiwerengero kake n'kosavuta: mtunda mu makilomita ndi pafupifupi 3.57 kuchulukitsa ndi square root ya kutalika kwa eriyo mu mamita. Munthu woima, wailesi ili pakamwa, eriyo yake ili pa mamita 1.5. Mtunda wake ndi makilomita 4 ndi pang'ono. Anthu awiri otere, pa chigwa chosalala chopanda chotchinga, angamvane pa makilomita pafupifupi 9, ndipo kawirikawiri sizifika n'komwe. Koma kwezani eriyo pa mamita 100, mtunda ukufika makilomita 36. Pa mamita 400, makilomita 71. Simunawonjezere mphamvu ngakhale watt imodzi. Mwangokwera basi.

Ndiye taonani chodabwitsa. Phiri lomwe limatigwetsera napolo ndi nsanja yabwino kuposa iliyonse imene kampani ingamange. Michesi yatalika mamita oposa 1,000 pamwamba pa chigwa chathu, ndipo Mulanje, ndi nsonga yake ya Sapitwa pa mamita 3,002, ndiye osanena. Chipangizo chimene chimaikidwa pamalo okwera otere chimatchedwa repeater. Chimamva pa frequency imodzi n'kubwereza pompopompo pa ina, mwamphamvu. Munthu wa ku Chiringa akadina batani, mawu ake amakwera ku repeater n'kutsikira kwa aliyense amene ali pa tchanelo imeneyo, kaya ali pa Boma, kaya ku Migowi. Repeater yotere imatha kuyendera sola ndi batire. Siifuna dizilo, siifuna mlatho, siifuna mayunitsi.

Kusankha malo ndiye luso lenileni, ndipo mpamene pali ntchito yofanana ndi ya msiri wa m'sitediyamu uja. Phiri limapanga mthunzi wa mafunde monga limapangira mthunzi wa dzuwa. Repeater yoyang'ana kumadzulo ingatumikire bwino pa Boma koma n'kusiya Nkhulambe mumdima, poti ili kuseri, kupyola mpata wa Fort Lister. Ndiye pangafunike ziwiri kapena zitatu zolumikizana, monga ma eriyo a m'sitediyamu aja. Komanso, ndipo apa musaseke, malowo asakhale m'njira ya napolo weniweniyo. Kuika repeater m'khwawa chifukwa ndi pofikika msanga n'kutaya ndalama. Pamafunikanso waya wotsitsira mphenzi pansi, chifukwa chitsulo chosongoka pamwamba pa phiri nthawi ya dzinja chimaitana mavuto.

Koma ma eriyo ndi theka chabe la nkhaniyi. Theka lina, limene ine ndikuona kuti ndi lofunika kwambiri, ndi pepala la timabokosi lija. Wailesi ya m'manja imalola munthu mmodzi kulankhula pa nthawi imodzi. Wadina batani, ena onse amvetsere. Mukaika anthu 60 pa tchanelo imodzi tsiku la ngozi, mupeza phokoso la pa msika wa Migowi, aliyense akukuwa, palibe akumva. Ndiye pamafunika kukhala pansi nthawi ya chilimwe, kunja kuli gwaa, n'kugwirizana. Makomiti a m'midzi ya kumtunda kwa mtsinje amveke kwa a kumunsi kwa mtsinje womwewo. Zipatala zing'onozing'ono zikhale ndi njira yawo yofikira ku chipatala chachikulu ndi kwa oyendetsa ambulansi, yosadutsa m'phokoso la ena. Apolisi ndi opulumutsa anthu akhale ndi yawo. Ndipo pa ofesi ya DC pakhale munthu mmodzi amene akumva zonse, amene angathe kulumikiza magulu awiri pakafunika, kapena kulankhula kwa onse pakamodzi. Munthu ameneyo ndiye matrix yathu. Poyamba sipafunika kompyuta. Pafunika tebulo, mawailesi atatu kapena anayi, buku lolembamo, ndi munthu wosagona.

Ndikudziwa zimene ena anganene, ndipo zina mwa izo ndi zoona.

Choyamba, wailesi singalosere napolo. Phiri likagumuka usiku, amene ali m'munsi mwenimweni amakhala ndi mphindi zochepa, mwina osakhala nazo n'komwe. Amenewo chimene chingawapulumutse ndi kusamuka mvula ikadali kugwa, atamva chenjezo la masiku apitawo. Izi ndikuvomera. Koma madzi osefukira amatenga nthawi kuti ayende kuchoka m'tsinde mwa phiri kukafika ku midzi ya kuchigwa, ndipo nthawi imeneyo ndi yokwanira kunyamula ana ndi kuthamangira pamalo okwera, ngati uthenga wathamanga kuposa madzi. Komanso ganizirani za maola ndi masiku a pambuyo pake. Mayi woyembekezera amene matenda amuyamba ku dera lodulidwa, msasa wa anthu 500 umene chakudya chatha, bwato limene likufunika pano osati uko. Opulumutsa anthu sangapite kumene sakudziwa kuti kuli anthu.

Chachiwiri ndi umbava. Sola ndi batire zosiyidwa paphiri popanda mwini, tonse tikudziwa kuti sizichedwa kupezeka zikuwunikira nyumba ya munthu kapena zikuimba nyimbo pa bawo. Yankho lake si la physics. Chipangizo chimene anthu a m'mudzi sakudziwa ntchito yake ndi cha boma, ndipo cha boma ambiri amachiona ngati chopanda mwini. Chimene amfumu ndi anthu awo anachimva chikulankhula, chimene chinaitanapo ambulansi ya mwana wawo, amachilondera okha.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi ena amene amafuna kuti mawailesi otere azitsekeredwa m'kabati kudikira ngozi. Wailesi yosungidwa zaka ziwiri batire lake limafa, ndipo amene anaphunzitsidwa kuigwiritsa ntchito amakhala atasamutsidwa kapena ataiwala. Iyenera kugwira ntchito sabata iliyonse: kuitana ambulansi, kunena za mlatho wowonongeka, ngakhale kungoyesana m'mawa uliwonse kuti mukundimva kodi. Amisiri a pa TV amayesa intercom yawo mpira uliwonse usanayambe, munthu mmodzimmodzi, ngakhale inagwira bwino dzulo.

Chachitatu ndi malamulo ndi ndalama. Mafunde a wailesi si a aliyense kungotola. Kuno kwathu amene amagawa ma frequency ndi MACRA, ndipo kuwulutsa popanda chilolezo ndi mlandu, chifukwa mukhoza kusokoneza ndege, apolisi kapena wailesi ina. Ndiye ntchito imeneyi ndi ya khonsolo ndi DoDMA, osati ya munthu payekha. Za ndalama, ine ndingoti yerekezani mtengo wa ma repeater atatu ndi mawailesi makumi angapo ndi mtengo wa mlatho umodzi wokha umene timamanganso namondwe akadutsa. Bungwe la United Nations mu 2022 linakhazikitsa cholinga choti pofika 2027 munthu aliyense padziko akhale wofikiridwa ndi chenjezo la ngozi. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo yathu inavomereza lamulo latsopano la zangozi, lolowa m'malo mwa la 1991 lija. Mapepala alipo. Chimene ndikufunsa n'chakuti chenjezolo likafika pa Boma, mtunda wotsala wokafika ku mudzi wa kuseri kwa phiri liziyenda pa chiyani netiweki ikagwa.

Wina anganene kuti nanga intaneti ya satelayiti, poti Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023? Ndi yothandiza, makamaka polumikiza ofesi ya DC ndi Lilongwe. Koma dishi yake imadya magetsi ambiri kuposa wailesi ya m'manja, imalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo simungathamange nayo m'matope. Ziwirizi sizipikisana. Satelayiti ikhale khomo lotulukira kunja, VHF ikhale njira za m'kati mwa boma. Matrix yabwino imalandira zonse: waya, wailesi, foni, intaneti, n'kuzilumikiza pamalo amodzi.

Nanga inu a Fomu 3 ndi Fomu 4 zikukukhudzani bwanji? Kuwulutsa simungathe popanda chilolezo, koma kumvetsera ndi kwaulere, ndipo kuyeza mthunzi wa mafunde kumangofuna wailesi ya FM, ngakhale ija ya m'foni yamabatani. Mafunde a FM ali pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, m'banja lomwelo la VHF, utali wake pafupifupi mamita 3. Sankhani siteshoni imodzi. Yendani nayo kuchoka kusukulu kupita kwanu, n'kumalemba pamene ikumveka bwino, pamene ikuchita phokoso, ndi pamene yazimiratu. Lembaninso pomwepo timizere ta netiweki ya TNM ndi Airtel. Mnzanu wochokera mbali ina achitenso chimodzimodzi. Kalabu ya sayansi ya anthu 20 ikaphatikiza zimenezi pa mapu amodzi, mudzaona okha pamene phiri likutchinga ndi pamene kukwera kachulu kokha kukubweza mawu. Siteshoni ya FM ili ndi nsanja yakeyake, ndiye mthunzi wake sudzafanana ndendende ndi wa repeater ya m'tsogolo, koma njira yoyezera ndi yomweyo imene amisiri amatsata asanakhome eriyo.

Mapu amenewo musawasunge m'kabati ya aphunzitsi. Kopelani awiri. Ena mupatse komiti ya zangozi ya m'dera lanu, ena apite kwa khansala, pamodzi ndi funso limodzi lolembedwa pansi pake: malo awa tachonga ndi inki yofiira, kumene foni siigwira ngakhale kunja kuli dzuwa, mvula ya March ikadzabwera adzawauza ndani?